Buku Lokiyiridwa M'kabati Silingayatse Getsi

Chaka cha 2002, njala itasautsa dziko lino, William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala ku Kasungu anali atasiya sukulu ya sekondale chifukwa chosowa fizi. Mnyamata wa zaka 14 ameneyu anayamba kupita ku kalaibulale ka pa sukulu ya pulaimale ya Wimbe, komwe anapeza buku lotchedwa Using Energy. Pachikuto pake panali chithunzi cha makina ozungulira ndi mphepo. Anatolera zidutswa za njinga, mapaipi ndi mitengo ya bulugamu, n'kumanga makina amene anayatsa magetsi kwawo. Timatama luntha lake, ndipo n'koyenera kutero, koma tisaiwale kuti chitseko cha laibulale ija chinali chotsegula, komanso pashelefu panali buku lofotokoza momwe zinthu zimagwirira ntchito.

Nthano za Kalulu ndi Fisi zili ndi malo ake, chifukwa zimakometsa kuwerenga. Komatu mwana akamakwera makalasi, sayansi ndi ulimi zimafuna luso lina: kufufuza mutu m'zamkatimu, kumasulira chithunzi, kuyerekeza zimene wawerenga ndi zimene amaona kudimba. Mwana wozolowera kukopera manotsi a pabolodi amaloweza yankho limodzi, ndiye a MANEB akangolitembenuza funso pa mayeso a Sitandade 8, amagwira njakata. Amene anadziwerengera yekha za udzudzu ndi malungo amayankha kuchokera pa zimene anamvetsa.

Ena amati mabuku ofotokoza momwe zinthu zimagwirira ntchito ndi ovuta chifukwa ambiri ndi a Chingerezi. Dandaulo limeneli ndi lomveka, koma Kamkwamba nayenso Chingerezi chinkamuvuta. Ankayamba ndi zithunzi, mawu n'kumawatsatira pambuyo. Chithunzi cha mtima wa munthu chokhala ndi mivi yolozera ziwalo chimalankhula ndi mwana kuposa tsamba lodzaza mawu okhaokha. Aphunzitsi ena amaopa kuti mabuku asowa kapena ang'ambika, popeza chiyambire maphunziro aulere mu 1994 ana anachuluka kwambiri m'makalasi. Ndiye amawakiyira m'kabati ya mu ofesi ya ahedi, momwe chiswe ndi chinyontho zimawadya popanda woliwerengako ngakhale limodzi. Kaundula wobwereketsa mabuku, wosungidwa ndi ana awiri odalirika a kalasi yaikulu, amachepetsa nkhawa imeneyi, ndipo safuna ndalama kupatula kope ndi bolopeni.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi kuchepa kwa mabuku otere m'Chichewa. Mwana wa ku Mangochi ayenera kupeza buku la nsomba za mbuna, wa ku Chiradzulu awerenge za John Chilembwe ndi kuukira kwa 1915, wa ku Mulanje adziwe chifukwa chake mkungudza wa paphiri lawo ukutha. Olemba, osindikiza ndi a National Library Service akhoza kuyamba ndi timabuku ta masamba ochepa, ta zithunzi zambiri, toti mphunzitsi athe kutiika patebulo nthawi ya buleki.