Kutchinga Dzuwa la M'mawa Popanda Kutsekereza Mpweya

M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala dzuwa limatuluka cha m'ma 5 koloko m'madera ambiri a Malawi. Kwa mlimi amene walawirira kumunda, limeneli si vuto konse. Koma m'nyumba mumatsala ena osowa tulo: khanda, wodwala, nkhalamba, ndiponso mlonda kapena namwino amene wangoweruka ku ntchito ya usiku. Chipinda chawo chikakhala ndi zenera loyang'ana kum'mawa, dzuwa limawapeza pakama pomwepo, ndipo m'maboma otentha monga Nsanje, Chikwawa, Salima ndi Karonga chipindacho chimasanduka ng'anjo kadzutsa asanapse.

Ambiri amangotseka zenera ndi kupachikapo bulangete. Mdima umabweradi, koma kutentha sikuchoka, pakuti dzuwa limadutsa galasi ndi kutenthetsa bulangetelo, ndipo kutenthako kumasowa potulukira. Choopsa chinanso n'chakuti mpweya umaleka kuyenda. M'chipinda chotere tizilombo ta chifuwa chachikulu timakhalitsa mumpweya, kotero kuti wodwala mmodzi angathe kupatsira onse ogona naye. Tsono njira yabwino ndi yakuti dzuwa litchingidwe panja, lisanakhudze galasi, zenera likhale lotsegula.

Ena amadalira khonde, koma khonde limathandiza masana, dzuwa likakhala pamutu. Dzuwa la m'mawa limakhala m'munsi ndipo limalowa cham'mbali. Cha m'ma 7 koloko mu Okutobala, denga lotuluka mita imodzi kuchokera pakhoma limaponya mthunzi wosakwana theka la mita, choncho zenera lambiri limatsala pamtetete. Chofunika kum'mawa ndi chotchinga choimirira.

Chosavuta kupeza ndi mphasa. Mwini nyumba aipachike kunsonga kwa denga, patali ndi khoma pafupifupi theka la mita, ndi kuimangirira kumunsi kuti mphepo isamaikupize. Itsike kupitirira pamene zenera lathera, koma isafike pansi. Mpata wa m'mbali ndi wa kumunsi ndiwo njira ya mpweya. Mphasa yokhomeredwa pakhoma penipeni siisiyana ndi bulangete lija. Iposenso zenera m'mbali zonse ziwiri, chifukwa dzuwa silituluka pamalo amodzi chaka chonse: mu Juni limatulukira chakumpoto kwa kum'mawa, pamene mu Disembala limatulukira chakum'mwera. Ubwino wina wa mphasa ndi wakuti imapindika. Ku Dedza, Ntcheu ndi Mzimba, kumene Juni ndi Julaye amazizira kwambiri, banja lingathe kuipinda kuti dzuwa lomwelo lifunditse chipinda.

Wofuna chokhalitsa apite kwa mmisiri wa matabwa amupangire zitseko za pazenera za timatabwa topendekeka, nsonga yake ya kunja italoza pansi. Timatabwato tiphimbane ndithu, kuti munthu woyang'ana molunjika asaone kunja. Pakatsala mpata wolunjika, dzuwa la m'munsi lija lidzalowera pomwepo.

Zomera nazonso zimatchinga bwino. Nsichi ziwiri ndi nsungwi zopingasa, zozikidwa cha kum'mawa kwa zenera, zimasanduka khoma la masamba pakayanga magalagadeya, ndipo mpweya umadutsa pakati pa masambawo. Posankha mtengo, munthu akumbukire kuti mitengo yambiri imayoyola masamba m'chilimwe, nthawi imene mthunzi ukufunika koposa. Mango sayoyoka chotero, koma adzalidwe patali kuti mizu ndi nthambi zisawononge nyumba. Pansi pa zomerazi pazikhala posesa, kuwopa njoka ndi udzudzu.

Mthunzi ukapezeka, pamatsala nkhani ya mpweya. Mpweya umafuna polowera ndi potulukira. Zenera limodzi palokha silikwanira. Pakhale zenera lina kapena timabowo pakhoma lina, makamaka m'mwamba, popeza mpweya wotentha umakwera. Timabowo timene amisiri amasiya pamwamba pa mazenera tisatsekedwe ndi sanza. Ngakhale m'nyengo yozizira tikhale totsegula, ndipo mbaula ya makala isalowe konse m'chipinda chogona, pakuti mpweya wake woipa sununkha koma umapha munthu ali m'tulo. Kuti udzudzu usapezerepo mwayi, pamazenera ndi timabowo pakhomedwe waya wa sefa, ndipo aliyense agone m'masikito. Wayayo amachepetsako mphepo, makamaka akadzaza fumbi, choncho azitsukidwa kawirikawiri.

Amene sanayambe kumanga ali ndi mwayi woposa onse. Makoma aatali a nyumba ayang'ane kumpoto ndi kum'mwera, ndipo mazenera aakulu akhale kumeneko, chifukwa mbali zimenezi dzuwa limafika lili m'mwamba ndipo khonde limalitchinga mosavuta. Khoma la kum'mawa likapakidwa laimu limabweza kuwala kwambiri m'malo moyamwa kutentha.

Kuyesa ngati ntchito yatheka n'kosavuta. Cha m'ma 7 koloko m'mawa munthu aime m'chipindamo, zenera lili lotsegula, atalendewetsa kaulusi pafupi nalo. Ngati pakama palibe chigamba cha dzuwa, koma kaulusiko kakugwedezeka, ndiye kuti wogona m'menemo wapeza zonse ziwiri: mthunzi ndi mpweya wabwino.