Fumbi la Kuntchito Limawononga Mapapo

Anyamata ambiri a m'midzi yathu ya m'malire amapita ku Tete kukasaka ganyu. Ena amafikira ku Matundo, tsidya la mtsinje wa Zambezi, pamsewu wopita ku Moatize ndi ku Zobue. Kuyambira mu 2011, pamene mgodi waukulu wa malasha wa ku Moatize unayamba kugwira ntchito, anthu ofuna ntchito anachuluka m'derali. Ena amaphwanya miyala, ena amasenza matumba a simenti, ena amamanga nyumba. Ntchito zonsezi zili ndi fumbi.

Kodi fumbi limachita chiyani m'thupi?

Fumbi lalikulu limatsalira m'mphuno ndipo timalitulutsa pomina. Loopsa ndi laling'onoting'ono losaoneka ndi maso, makamaka la miyala ndi la malasha. Limafika mkati mwenimweni mwa mapapo ndipo silitulukanso. Pakapita zaka, mapapo amachita zipsera ndi kuuma. Munthu amayamba phuma akangoyenda pang'ono. Matenda obwera ndi fumbi la miyala madokotala amawatchula kuti silicosis. Alibe mankhwala ochiza, komanso munthu amene ali nawo sachedwa kudwala chifuwa chachikulu cha TB.

Matendawa si achilendo. Agogo athu ambiri amene anapita ku migodi ya golide ku Joni anabwerako akutsokomola. Mu 2019 khoti la ku South Africa linavomereza kuti anthu amene anadwala silicosis ndi TB m'migodi imeneyo alandire chipukutamisozi. Koma ndalama sizibweza mapapo.

Mungadziteteze bwanji?

1. Thirani madzi pamiyala kapena pansi musanayambe kuphwanya kapena kusesa.
2. Valani masiki yopangidwira fumbi, yogwira bwino mphuno ndi pakamwa. Mpango kapena kansalu sikatchinga fumbi laling'ono.
3. Imani kumene mphepo ikuchokera kuti fumbi lizikuthawani.
4. Sambani m'manja ndi kumaso musanadye, ndipo idyerani kutali ndi fumbi.
5. Zovala za kuntchito musazikutumulire m'nyumba momwe muli ana. Zichapeni pazokha.
6. Siyani fodya, chifukwa amaonjezera vuto m'mapapo.

Lamulo la ntchito la Mozambique limalamula olemba anthu ntchito kuti apereke zida zodzitetezera kwa antchito awo. Kupempha masiki si mwano, ndi ufulu wanu.

Mupite liti kuchipatala?

Ngati mwatsokomola milungu iwiri, mukutuluka thukuta usiku, mukuwonda, kapena makhololo ali ndi magazi, musadikire. Pitani kuchipatala chapafupi akayeze makhololo. Mankhwala a TB ndi aulere m'zipatala za boma ndipo kawirikawiri amamwedwa miyezi 6. Muwauze adokotala ntchito zonse zimene munagwirapo, ngakhale munazisiya kalekale.

Inu makolo ndi amayi apakhomo, mwana kapena bambo akabwera kuchokera ku Tete ali ndi chifuwa chosatha, musati ndi kutopa chabe. Aperekezeni kuchipatala.