Kudikira Maina a Opita ku Sukulu za Ukachenjede

Chaka ndi chaka, bungwe la MANEB likalengeza zotsatira za mayeso a Fomu 4, m'nyumba zambiri muyamba kudikira kwachiwiri, kumene kuli kotalika ndi kowawa koposa koyamba kuja. Mnyamata kapena msungwana amene wakhoza bwino ayamikidwa masiku owerengeka. Pambuyo pake aliyense wokomana naye panjira afunsa funso limodzi: kodi maina atuluka? Maina amenewo ndi a ana osankhidwa kukaphunzira ku sukulu za ukachenjede za Boma, ndipo satuluka msanga. Mvula igwa, chimanga chikhwima, mwana ali chikhalire pakhomo pa atate wake.

Kudikira kotere sikunayambe lero. M'masiku a Nyasaland munalibe yunivesite m'dziko muno, ndipo sukulu za sekondale zinali zowerengeka ndi zala: ya Blantyre inatsegulidwa m'chaka cha 1940, ya Akatolika ku Zomba 1942, ya Dedza 1951. Wofuna maphunziro apamwamba anayenera kutuluka kunja. Orton Chirwa ndi Henry Chipembere anakaphunzira ku Fort Hare, Kanyama Chiume ku Makerere, ndipo kuyambira 1957 ena anapita ku Salisbury. Yankho linali kudza pa kalata, ndipo kalata inali kuyenda ulendo wake wosafulumira. Legson Kayira sanafune kuidikira pamudzi. M'chaka cha 1958 ananyamuka wapansi kuchokera kumpoto kwa dziko lino, ndipo atafika ku Kampala anapeza buku la maina a makoleji a ku America, nalembera Skagit Valley College m'chigawo cha Washington. Anamulandira, koma anakafika kumeneko kumapeto kwa 1960, atadzera ku Khartoum kukatenga chilolezo.

Lamulo lokhazikitsa Yunivesite ya Malawi linadza m'chaka cha 1964, ndipo mu September 1965 ophunzira 90 anayamba maphunziro ku Chichiri. Tsopano mayunivesite a Boma alipo 6: Yunivesite ya Malawi ku Zomba, ya Mzuzu imene inalandira ophunzira oyamba mu 1999, LUANAR ku Bunda, MUST ku Thyolo imene inatsegulidwa mu 2014, ndiponso MUBAS ndi KUHeS zimene zinaima pazokha mu 2021. Kukula kumeneku nkwakukulu ndithu. Koma chiwerengero cha ana chinathamanga koposa. Pamene Boma linachotsa fizi ku pulayimale mu 1994, ana a sukulu anakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo khamu limenelo linakafika ku sekondale m'zaka zotsatira. Masiku ano olemba mayeso a MSCE apitirira 100,000 chaka chilichonse, kotero kuti zikwi za ana oyenera atsala kunja chifukwa cha kuchepa kwa malo.

Aphunzitsi ndi makolo ambiri alakwitsa pa chinthu chimodzi: ayesa kuti mapointi okha ndiwo atsegula khomo. Nzoona kuti mwana ayenera kukhala ndi makiredititi 6, kuphatikizapo Chingerezi, ndipo nzoona kuti wa mapointi ochepa ali patsogolo, pakuti 6 ndiwo opambana onse. Komatu bungwe la NCHE, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011 ndipo ligwirizanitsa kusankha kwa mayunivesite a Boma, silindandalika ana onse pa mzere umodzi. Mwana alemba pa fomu maphunziro amene afuna, motsatana monga awakondera, ndipo pa phunziro lililonse apikisana ndi anzake okhawo amene alisankha. Phunziro lililonsenso lili ndi zofunika zake: wofuna udokotala amuyang'ana pa Masamu ndi maphunziro a sayansi, ndipo kukhoza kwake Chichewa kapena Mbiri sikumupulumutsa. Atapikisana nawonso sakhala a chaka chimodzi, pakuti amene anatsala zaka zapitazo posachedwa aloledwa kuyesanso.

Nchifukwa chake chichitika chinthu chimene chisautsa mitima m'midzi: mwana wa mapointi abwino atsala, mnzake amene anamuposa atengedwa. Anthu ayamba kunong'ona za ziphuphu. Kawirikawiri chifukwa chili pa fomu pomwepo. Woyambayo anadzaza mizere yonse ndi maphunziro amene aliyense awathamangira, pamene wachiwiri anaikapo uphunzitsi kapena ulimi kumene mphamvu yake inakwanira. Gawo lalikulu la yankho limene mwana alidikira miyezi yonseyo linalembedwa ndi dzanja lake lomwe tsiku lodzaza fomu, ndipo tsiku limenelo ambiri akhala okha. Sukulu anaitsanzika kale, mphunzitsi watanganidwa ndi Fomu 4 yatsopano, ndipo wolangiza akhala malume amene afuna dokotala pamtundu. Ana a m'sukulu za kumudzi, za Community Day, ndiwo avutika koposa, popeza alibe mkulu wawo amene anapitako kale woti awauze m'mene zikhalira.

Kukayika kwa anthu kuli ndi mbiri yake. Kwa zaka zambiri malo ena anali kugawidwa potsata boma limene mwana achokera, njira yotchedwa kota. Bwalo Lalikulu la milandu linaikana mu 1993, inabweranso mu 2009, ndipo Boma linalengeza kuithetsa mu February 2020. Mkangano wake unali waukulu, makamaka m'chigawo cha kumpoto, ndipo makolo ena akali kuyesa kuti dzina la boma lawo ndilo liweruza. Pa mantha otere ndi pamene akathyali adyerapo, nauza kholo kuti ali ndi mnzawo ku ofesi amene angalowetse dzina pa ndalama. Kholo logulitsa mbuzi chifukwa cha mau amenewo litaya mbuzi chabe.

Miyezi yodikirayo si yopanda ngozi. Mwana amene anazolowera belu ndi ndondomeko ya sukulu akhala wopanda chochita, ndipo msungwana makamaka ayamba kumva mau a ankhoswe pakhomo. Anyamata ena akwera basi ya ku Joni maina asanatuluke. Ena abwereza Fomu 4 kuti atsitse mapointi, ngakhale kuti vuto lawo linali kusankha. Mphunzitsi wamkulu amene aitana ana ake akale tsiku limodzi, nakhala nawo pansi ndi mafomu, nawauzanso za makoleji a uphunzitsi monga Domasi ndi sukulu za ntchito za manja monga Soche, Nasawa ndi Namitete, achita ntchito imene sinalembedwe pa ndondomeko ya maphunziro koma iposa maphunziro ambiri olembedwapo.

Tsiku la maina likafika, uthenga ufalikira pa wailesi ndi pa lamya za m'manja, ndipo mwa maola ochepa mudzi wonse udziwa. Wosankhidwayo ayamba pomwepo kudikira kwina. Ayenera kupempha ngongole ku bungwe loona za ngongole za ophunzira, limene linakhazikitsidwa mu 2015, ndi kudikira yankho lake. Ayeneranso kufuna pogona, popeza zipinda za pa sukulu sizikwanira onse, ndi kumvetsera tsiku limene yunivesite yake idzaitana a chaka choyamba.