Mbiri yathu ina ili pansi pa nyanja

Loweruka m'mawa magalimoto a ku Area 10 ndi Area 43 amandondozana kulowera ku Salima. Eni ake akasambira ku Senga Bay, adya chambo, Lamulungu abwerera. Ku msika waukulu wa ku Old Town nako usipa umafika tsiku lililonse. Anthu a mu Lilongwe nyanja timaidziwa ndi pakamwa, koma zimene inameza sitizifunsa.

Pa 30 July 1946 sitima ya MV Vipya inanyamuka ku Mbamba Bay, mphepo ikuwomba mwaukali. Itayandikira Florence Bay, komwe lero timati Chitimba, inagudubuzika n'kumira, ndipo anthu 145 anatsikira kuli chete. Maganizo a achibale awo akadali pamadzi omwewo. Zaka 100 izi zisanachitike, zombo za Jumbe zinkachoka ku Nkhotakota zitadzaza minyanga ya njovu ndi akapolo, kuwolokera tsidya la kum'mawa pa ulendo wa ku Kilwa. Aliyense wodziwa mwera angavomereze kuti nyanja yathu, yomwe pena imazama mamita 700, yasunga zambiri.

Za kumtunda tinafufuzako. Dr Yusuf Juwayeyi, yemwe anaphunzira ku Berkeley n'kudzatsogolera nthambi ya boma yoona zinthu zakale, anafukula ku Mankhamba kufupi ndi Mtakataka, likulu la a Kalonga. Anapezako mikanda yagalasi ndi zidutswa za mbale za ku China, umboni woti Amaravi ankachita malonda ndi anthu obwera pa nyanja ya mchere.

Anzathu a m'maiko ena analowa m'madzi. Mu 2015 akatswiri analengeza kuti apeza zotsalira za chombo cha São José, chomwe chinasweka kufupi ndi Cape Town mu 1794 chitanyamula akapolo oposa 500 ochokera ku Mozambique. Ntchito yofufuza zakale pansi pa madzi ndi yolemetsa. Munthu amaphunzira zofukula zakale ku yunivesite, kenako kumira ndi botolo la mpweya kumsana, kuyeza ndi kujambula chilichonse pomwe chagona. Chitsulo chimene chakhalitsa m'madzi akachivuula mosasamala chimayamba kufumbutuka, choncho kuchisunga ndi luso linanso.

Ana a asodzi a ku Nkhata Bay ndi ku Likoma amadziwa madzi kuyambira ali aang'ono. Akuluakulu a ku Capital Hill, patulani ndalama zoti ena mwa iwo akaphunzire ntchitoyi, ayambire pa Vipya.