Kompyuta Imadziwa Bwanji Pomwe Chinthu Choponyedwa Chikagwere?

Pafupi ndi mlatho wa Shire m'tauni ya Mangochi pali mzinga wakale wochokera pa sitima yankhondo ya Guendolen. Mu Ogasiti 1914, sitimayi inaombera sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann ku Liuli, tsidya la nyanja ku Tanzania ya lero. Woombera mzinga anali ndi funso lomwe mnyamata wa legeni ku Chowe amadzifunsa akaona njiwa: ndiloze mokweza bwanji kuti ndilase? Masiku ano funsoli limayankhidwa ndi mapulogalamu a pakompyuta omwe amayerekeza ulendo wonse chinthucho chisanaponyedwe.

Mwala ukachoka pa legeni, mphamvu ziwiri zimaulamulira. Yoyamba ndi mphamvu yokoka ya dziko, yomwe imawonjezera liwiro la kugwa ndi mamita 9.8 pa sekondi, sekondi iliyonse. Yachiwiri ndi mpweya, womwe umaubweza m'mbuyo. Kukanakhala kopanda mpweya, pamalo athyathyathya mwala ukanafika patali kwambiri utaponyedwa pa madigiri 45. Chifukwa cha mpweya, timayenera kuloza motsikirapo.

Choncho pulogalamu timaiuza liwiro loyambira, madigiri, kulemera ndi kaumbidwe ka chinthucho, mphepo, komanso kukwera kwa malo. Mwala woponyedwa kuchokera pamwamba pa phiri ku Chowe umapita patali kuposa woponyedwa pamchenga wa kunyanja, chifukwa umakhalitsa m'mwamba usanagunde pansi. Nawo mwera wa mu Julayi ukawomba cham'mbali, umaupatutsa.

Kompyuta silosera. Imaduladula nthawi m'tizigawo ting'onoting'ono, mwina magawo 100 pa sekondi imodzi. Pa kagawo kalikonse imawerengera mphamvu zija, n'kupeza liwiro latsopano ndi malo atsopano, kenaka n'kubwereza mpaka chinthucho chitafika pansi. Tikaipatsa nambala yolakwika poyamba, imatijambulira mzere wokongola koma wabodza. N'chifukwa chake akatswiri amafananitsa zotsatira zake ndi zoyeserera zenizeni.

Masamu amenewa ndi omwe anabala imodzi mwa makompyuta oyambirira. ENIAC, yomwe inaonetsedwa ku University of Pennsylvania mu 1946, inapangidwa kuti iziwerengera njira za zipolopolo za asilikali a ku America. Ulendo umodzi womwe munthu ankawerengera kwa maola pafupifupi 20, makinawa ankaumaliza m'masekondi 30. Koma masamu omwewo anagwiranso ntchito ina: mu 1962 Katherine Johnson wa ku NASA anatsimikizira pamanja mawerengero a kompyuta John Glenn asananyamuke kukazungulira dziko.

Kuno kwathu, mu 2016 UNICEF inayesa kunyamula magazi a makanda okayezedwa HIV pa ma drone ku Lilongwe, ndipo mu 2017 boma linatsegula malo oyeserera ma drone ku Kasungu. Drone ili ndi mota yake, komabe njira yake imakonzedwanso pakompyuta poganizira mphepo, kulemera kwa katundu ndi mapiri.

Ife a Adventist timakumbukira Desmond Doss, yemwe anakana kunyamula mfuti koma anapulumutsa anzake ovulala ambiri ku Okinawa mu 1945. Pulogalamu sifunsa ngati chomwe chikuulukacho ndi bomba kapena mankhwala a mwana wodwala. Funso limenelo ndi la ife amene tikuphunzira masamuwa, ndipo ndi bwino kuliyankha tisanalandire kalata ya ntchito.