Kukalengezedwa msonkhano, musatsale pakhomo

Lero tikambirane za msonkhano wa m'mudzi ndi wa m'bairro, ndi mmene umatetezera moyo wa pabanja panu.

Amfumu kapena a sekeretariyo a bairro akatuma mnyamata kukalengeza kuti mawa tikumane pansi pa mtengo wa mango, pabwalo la sukulu kapena pakhonde la chipatala, ambiri timati, "Apite ena, adzatiuza." Mayi ali ndi mpunga woti apalire, bambo ali ndi maukonde oti asoke. Koma zimene anthu amapangana kumeneko zimafika mpaka mumtsuko wanu wa madzi: tsiku la katemera, ndalama zokonzera mjigo, malo okumba zimbudzi za pamsika. Wosapita amamva za m'maluwa, ndipo uthenga ukadutsa pakamwa pa anthu asanu umafika utasintha.

Zimene kolera inatiphunzitsa

Mu Malichi 2022 dziko la Malawi linalengeza kuti kwagwa kolera, ndipo wodwala woyamba anapezeka m'boma la Machinga, lomwe tinachita nalo malire. Mliriwo unapha anthu oposa 1,700 m'dzikomo. Mu Sepitembala chaka chomwecho kolera inabuka kuno ku Niassa, kuyambira m'boma la Lago. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa zimbudzi ndi kudzaza zitsime ndi madzi onyansa mbali zonse ziwiri za malire. Matenda safunsa chiphaso pa Nayuchi. Amayenda ndi wogulitsa matemba, wopita kumaliro a achibale, wokwera njinga kupita kumsika wa tsidya lina.

Kolera imalowa m'thupi kudzera m'madzi kapena chakudya chimene chakhudzana ndi chimbudzi cha munthu wodwala. Munthu amatsegula m'mimba zamadzimadzi ngati madzi otsukira mpunga, ndipo akhoza kumwalira tsiku lomwelo chifukwa madzi atha m'thupi. Banja limodzi likhoza kusamala kwambiri, koma ngati oyandikana nawo akudzithandiza kutchire kumtunda kwa chitsime, onse amwa madzi omwewo. Ndiye chifukwa chake nkhaniyi imafuna bwalo. Mutu umodzi susenza denga.

Palinso mdani wina, mphekesera. Pa Chipwitikizi mankhwala othira m'madzi amatchedwa cloro, pamene matenda amatchedwa cólera. Mawuwa amamveka mofanana. M'maboma ena a chigawo cha Nampula anthu anafika pogwetsa nyumba za atsogoleri ndi kumenya ogwira ntchito zaumoyo, poganiza kuti othira mankhwala m'zitsime ndi amene akubweretsa matenda. Chikhalirecho klorini ndiye amapha tizilombo ta kolera. Mphekesera yotere imakula pamene anthu amanong'onezana kuseri. Ikatulutsidwa pabwalo, namwino ali pomwepo, botolo la Certeza lili m'manja, munthu n'kuthira mumtsuko ndi kumwa madziwo anthu akuona, imatha mphamvu.

Adziweni amene amakhala kutsogolo

Pamsonkhano wa zaumoyo mudzaona anthu awa, ndipo aliyense ali ndi ntchito yake.

APE ndi mwana wa m'mudzi momwemo amene anaphunzitsidwa ndi unduna wa zaumoyo. Amayeza malungo, amapereka mankhwala a malungo, a kutsegula m'mimba ndi a chibayo kwa ana, ndipo matenda akakula amakutumizani kuchipatala.

Komiti ya zaumoyo ya m'mudzi imayendera makomo kuona zimbudzi, maenje a zinyalala ndi amayi oyembekezera.

Komiti ya co-gestão imakhala pachipatala. M'menemo muli anthu a m'midzi pamodzi ndi ogwira ntchito pachipatalapo. Ngati munalandiridwa mwachipongwe, ngati wina anakuitanitsani ndalama yosayenera, kapena mankhwala akusowa kawirikawiri, madandaulo anu apite kumeneko.

Komiti ya madzi imasunga ndalama zimene mabanja amasonkha pokonzera mjigo. Ndi ufulu wanu kumva pagulu kuti zalowa zingati, zatuluka zingati, ndipo zagula chiyani.

Brigada móvel ndi gulu la anamwino limene limabwera kumidzi yakutali ndi katemera, sikelo ya ana ndi ya amayi oyembekezera, ndi njira zolera. Tsiku lobwera limalengezedwa pamsonkhano. Mukalimva, konzani khadi la mwana, ngakhale litakhala lochokera kuchipatala cha ku Malawi. Namwino adzaona pamenepo katemera amene watsala.

Zoti mupangane mvula isanagwe

Msonkhano wabwino suthera pa kuwomba m'manja. Musanabalalike, mfundo zinayi izi zikhale ndi dzina la munthu woziyang'anira ndi tsiku lake.

Choyamba, madzi. Mjigo ukawonongeka akonze ndani, ndipo ndalama zili ndi yani? Pamene ukudikira kukonzedwa, banja lililonse liwiritse madzi akumwa kapena lithire Certeza monga mwalembedwera pabotolo, lidikire mphindi 30 lisanamwe. Mtsuko ukhale wovundikira, ndi kapu yake yotungira.

Chachiwiri, zimbudzi. Khomo lililonse likhale ndi chimbudzi chotalikirana ndi chitsime mamita osachepera 30, chokhala ndi chivundikiro, ndi madzi osamba m'manja ndi sopo kapena phulusa pakhomo pake. Gwirizanani za amene adzakumbire agogo okhala okha ndi olumala. M'madambo momwe dothi limagumuka, funsani komiti njira yolimbitsira dzenje.

Chachitatu, mayendedwe. Munthu akayamba kutsegula m'mimba usiku, kapena mayi akayamba kumva kupweteka kwa kubereka, njinga kapena njinga yamoto ya ndani idzamunyamule? Mafuta adzagula ndani? Izi zisadikire tsiku la tsoka. Wodwala azimwa madzi a SRO, amene tsidya lina amati Thanzi, njira yonse: paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi abwino. Paketi ikasowa, sungunulani masipuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa.

Chachinayi, maliro. Thupi la womwalira ndi kolera limapatsira matenda. Panganani pamodzi ndi ashehe, abusa ndi adzukulu kuti zikatero a zaumoyo ndiwo adzakonze thupi, maliro adzaikidwe msanga, ndipo pasadzakhale kuphika chakudya cha gulu. Nkhaniyi imavuta kuikamba misozi ili m'maso. Ikambeni lero mitima ili m'malo.

Aliyense akhale ndi pakamwa

Amene amatunga madzi, kusambitsa ana ndi kudwazika matenda ndi amayi. Akakhala kumbuyo chete, msonkhano wataya amene akudziwa chitsime chimene chayamba kununkha. Amfumu, perekani mpata kwa amayi alankhule koyamba. Abambo, mkazi wanu akaimirira kufunsa sanakuchititseni manyazi. Safunsa anadya phula.

Kuno timalankhula Chinyanja, Chilomwe, Chimakua ndi Chiyao. Mlendo akalankhula Chipwitikizi chokha, pemphani womasulira, ndipo mawu amene sanamveke abwerezedwe. Sankhani nthawi yosawombana ndi tsiku la msika, Lachisanu masana, kapena mapemphero a Loweruka ndi Lamulungu. Asodzi amene amagona m'zimbowera pa Chilwa amamwa madzi a m'nyanja momwemo, ndipo ndi amene kolera imawapeza msanga. Iwowa sangabwere kumtunda nthawi zonse, choncho msonkhano wina uzichitikira padoko pamene afika ndi nsomba. Mkamwini kapena mpongozi wochokera ku Malawi nayenso akhale nawo, pakuti amamwa pamjigo womwewo.

Ngati matenda abuka kale, kumanani panja, ikani chidebe cha madzi ndi sopo polowera, musasambe m'manja m'beseni limodzi, ndipo thobwa la kapu imodzi lisazungulire.

Mukabwerera kunyumba

Fotokozerani a m'banja mwanu zimene mwamva madzulo omwewo. Dzerani kwa agogo amene miyendo inawakanika kufika, ndi kwa mayi amene ali m'chikuta. Mlembi alembe zimene mwapangana m'kope, ndipo msonkhano wotsatira uyambe ndi kuwerenga kopelo: chachitika n'chiyani, chatsala n'chiyani, chavuta pati.

Pepalali musalisunge m'thumba. Muwerengereni mnansi amene satha kuwerenga, ndipo tsiku la msonkhano mulitenge. Ngati m'mudzi mwanu papita nthawi osakumana, pitani kwa amfumu kapena kwa APE mukapemphe kuti aitane anthu mvula isanayambe.