Wovala gauni loyera nayenso amanyamula kachilombo

M'mutu uno tikamba zinthu zitatu: kuyezetsa, kubayitsa katemera, ndi kudzipatula ukapezeka ndi kachilombo ka Covid-19. Koma ndiyambe ndi maganizo amene amandipweteka mtima, akuti wophunzira udokotala poti amadziwa matenda ndiye kuti sangawafalitse.

Mu 1847 ku Vienna, dokotala Ignaz Semmelweis anaona kuti amayi ongochira kumene ankamwalira kwambiri mu wodi ya ophunzira udokotala kuposa mu wodi ya azamba. Anyamatawo ankachoka kong'amba mitembo n'kukagwira amayi, manja osasamba bwino. Atalamula kuti aliyense azisamba ndi madzi a klorini, imfa zinatsika kwambiri. Ophunzirawo sankadwala. Ankangonyamula.

Covid-19 itafika m'Malawi mu Epulo 2020, nkhani inali yomweyo. Wophunzira wamphamvu zake amati, "Ndili bwinobwino ine, ndikayezetserenji?" Koma m'mawa womwewo wawerama pa agogo odwala shuga, akumvetsera pachifuwa, mpweya wake ukuwagunda kumaso. Udzudzu sugona pamphasa ndi malungo, komabe ndi umene umawagawa. Chidebe chakuda chikalowa m'chitsime, sichimva kanthu, amamva ndi mudzi wonse.

Mantha a ophunzirawa ndimawamvetsa. Kathonje kolowetsa m'mphuno poyezetsa kaja n'kowawa pang'ono chabe. Chimene ankaopa n'kukhala masiku angapo osalowa mu wodi, anzawo akuphunzira, mayeso ali pafupi. Ena ankalakwitsa mwanjira ina: akhudzana ndi wodwala lero, mawa m'mamawa akayezetsa, akauzidwa kuti alibe, basi mtima m'malo. Kachilomboka kamafuna masiku kuti kachuluke mpaka kuoneka. Kuli ngati kufukula phando lomwe wadzala dzulo n'kunena kuti chimanga sichinamere.

Za kudzipatula n'zachidule: ukapezeka nako, khala kunyumba.

Katemera wa AstraZeneca, madozi 360,000, anafika mu Malichi 2021 kudzera mu COVAX, ndipo ogwira ntchito zachipatala anali m'gulu loyamba. Mu Meyi boma linawotcha madozi 19,610 omwe anatha nthawi asanabayidwe, mphekesera zili ponseponse pa WhatsApp. Nthawi ngati imeneyo mayi wakumudzi safunsa nduna. Amadikira mwana wake wa ku koleji abwere ku holide, n'kumufunsa chapansipansi akupakula nsima: "Nanga iweyo, mwanangu, unabayitsa?"